DIMA LA MAKOMPYUTA: Mmene Anthu Wamba Amathandizira Kafukufuku wa Matenda

Aliyense amene anakulira kumudzi amalidziwa dima. Munda ukakula kuposa mphamvu za mwini wake, iye amaphika thobwa naitana anansi ake. Aliyense amabwera ndi khasu lake nalima ndime yake, ndipo munda umene ukanatenga milungu iwiri umatha dzuwa lisanapendeke. Phunziro lathu la mwezi uno likunena za dima la mtundu wina, limene makasu ake ndi makompyuta, ndipo munda wake ndi matenda amene amatisonkhanitsa m'mamawa uliwonse pa chipatala cha Matawale ndi zipatala zina za m'boma la Zomba.

Chifukwa chiyani akatswiri amafuna chithandizo?

Mankhwala amagwira ntchito monga kiyi pa loko. Kachilombo kalikonse kali ndi tizigawo timene timakathandiza kuti kaswane, ndipo mankhwala abwino ndi amene amalowa bwino mu kachigawo kotero n'kukatseka. Vuto ndi lakuti makiyi oyenera kuwayesa alipo mamiliyoni ambiri. Kuyesa imodziimodzi m'chipinda chopimira kungadye zaka zambiri ndi chuma chosaneneka. Motero akatswiri amayamba ayesa makiyiwo mwa masamu pa kompyuta, kuti asankhepo ochepa amene akuoneka ngati angathandize. Koma masamu amenewa ndi ochuluka kotero kuti kompyuta imodzi singawamalize ngakhale itagwira ntchito usana ndi usiku kwa zaka mazana.

Komabe m'nyumba ndi m'maofesi a pa dziko lonse muli makompyuta amene amangokhala oyaka osachita kanthu. Munthu akamalemba kalata, kompyuta yake imagwiritsa kachigawo kochepa chabe ka mphamvu zake. Mphamvu yotsalayo ndiyo imene akatswiri amapempha.

Mmene ntchitoyi imayendera

Mwini kompyuta amaikamo pulogalamu yaulere, ndipo yodziwika kwambiri ndi BOINC, imene inakonzedwa pa yunivesite ya California ku Berkeley m'chaka cha 2002. Akatswiri amaduladula ntchito yawo yaikulu m'timagawo ting'onoting'ono, monga mwini munda agawira ndime. Kompyuta ya munthu wodzipereka imalandira kagawo kamodzi kudzera pa intaneti, imawerengetsa pamene mwini wake sakuigwiritsa ntchito, kenaka imabweza yankho n'kulandira kagawo kena. Kawirikawiri kagawo kamodzimodzi kamatumizidwa ku makompyuta awiri kapena kuposerapo, kuti mayankho ake akasiyana cholakwa chionekere. Wodziperekayo safunika kudziwa sayansi, ndipo salipidwa.

Njira imeneyi inatchuka m'chaka cha 1999 ndi ntchito ya SETI@home, imene inkasanthula mafunde ochokera kuthambo kufikira m'chaka cha 2020. A zaumoyo sanachedwe kuona phindu lake. M'chaka cha 2000 yunivesite ya Stanford inayambitsa Folding@home, yofufuza mmene tizigawo tomanga thupi totchedwa mapuloteni timapindikira, popeza tikapindika molakwika timadzetsa matenda. M'chaka cha 2004 kampani ya IBM inatsegula World Community Grid, imene m'chaka cha 2022 inasamukira m'manja mwa bungwe la Krembil Research Institute ku Toronto.

Dima limeneli ndi malungo

Ife a kuno, amene timakhala pakati pa phiri la Zomba ndi madambo a nyanja ya Chilwa, sitifunika kuuzidwa kuti malungo n'chiyani. M'chaka cha 2006 bungwe lofufuza matenda a m'maiko otentha la ku Basel, m'dziko la Switzerland, linatsegula ntchito yotchedwa malariacontrol.net. Cholinga chake sichinali kupeza mankhwala, koma kuyankha mafunso amene boma lililonse limakumana nawo. Kodi ndalama zikachepa, ziyambe zapita ku masikito, ku mankhwala opopera m'nyumba, kapena ku katemera? Kodi katemera woteteza pang'ono chabe angapulumutse ana angati?

Kuti ayankhe, akatswiriwo ankapanga midzi yongoyerekeza mu kompyuta, yokhala ndi anthu zikwizikwi. Munthu aliyense wa m'midzi imeneyo ankabadwa, kulumidwa ndi udzudzu, kudwala, kuchira kapena kumwalira, monga mwa masamu otengedwa ku zimene zinalembedwa m'midzi ndi m'zipatala zenizeni za mu Africa. Ankabwereza zimenezi kambirimbiri, uku akusintha chinthu chimodzi, uku china. Anthu odzipereka a m'maiko ambiri anabwereketsa makompyuta awo ku ntchito imeneyi kufikira pamene inatsekedwa m'chaka cha 2016.

Masamu a bungwe la ku Basel lija anali m'gulu la amene anagwiritsidwa ntchito poyerekeza phindu la katemera wa malungo wotchedwa RTS,S. Pa 23 April 2019 Malaŵi linakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemerayu kwa ana kusikelo, m'maboma 11, kuphatikizapo anansi athu a Machinga ndi Phalombe. Maiko a Ghana ndi Kenya anatsatira chaka chomwecho, ndipo mu October 2021 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linavomereza kuti katemerayu aziperekedwa kwa ana m'madera a malungo ambiri. Katemerayu sanapangidwe ndi makompyuta a odzipereka. Anapangidwa ndi akatswiri pa zaka zoposa 30. Koma dima lija linathandiza kukonza masamu ounikira kumene iye angapindulitse.

Matenda ena, ndi mvula yomwe

M'chaka cha 2005 ntchito ya FightAIDS@Home, ya akatswiri a ku Scripps ku California, inalowa mu World Community Grid kukayesa makiyi otsekera kachilombo ka HIV. M'chaka cha 2016 yunivesite ya Nottingham inayamba kufufuza chikhungu chamafuta chimene chimakuta kachilombo ka chifuwa chachikulu n'kukateteza ku mankhwala. M'chaka cha 2019 yunivesite ya Delft ku Netherlands inayamba kuyerekeza kagwedwe ka mvula kuno kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, pofuna kuthandiza alimi ang'onoang'ono. Ndipo mliri wa COVID-19 utabuka m'chaka cha 2020, anthu ochuluka zedi analowa mu Folding@home, kotero kuti mphamvu zawo pamodzi zinaposa za kompyuta yaikulu iliyonse imene inalipo pa nthawiyo. Akuluakulu ananena zoona kuti mutu umodzi susenza denga.

Tiyenera kumvetsa chinthu chimodzi. Kompyuta simapanga mankhwala. Imangoloza njira, ndipo zimene yaloza ziyenera kupimidwa kwa zaka zambiri zisanafike kwa wodwala. Choncho amene akumwa ma ARV kapena mankhwala a chifuwa chachikulu asaleke chifukwa chomva kuti mankhwala atsopano akufufuzidwa.

Zoyenera kusamala

Mwina kunyumba kwanu kuli mwana wophunzira pa yunivesite ku Chirunga, kapena mphunzitsi amene ali ndi kompyuta, ndipo angafune kulowa nawo. Iye akumbukire izi:

1. Kompyuta yowerengetsa imadya magetsi ambiri kuposa yongokhala, ndipo imafuna bandulo ya intaneti. Mayunitsi ndi a banja lonse. Kambiranani musanayambe, ndipo ndalama ya chakudya isathere pamenepa.

2. Kompyuta imatentha ikamagwira ntchito yotere. Iikeni pa tebulo pamalo opita mphepo, osati pa bedi kapena pa bulangete. Pulogalamuyo ingauzidwe kuti izigwiritsa theka chabe la mphamvu.

3. BOINC iliponso ya mafoni a Android, ndipo imagwira ntchito foni ikakhala pa chaji. Ngati foni ndi imodzi pa banja, ndipo ndiyo yoitanira chithandizo mayi woyembekezera akayamba kumva kupweteka usiku, isungeni foniyo.

4. Musaike pulogalamuyi pa kompyuta ya kuntchito, ya kusukulu kapena ya kuchipatala popanda chilolezo cha akuluakulu.

5. Ntchito yoona simapempha ndalama zolembetsera, ndiponso simalonjeza malipiro. Wina akakuuzani kuti foni yanu idzakupangirani ndalama mukatumiza kaye zanu, kapena akafunsa nambala yanu yachinsinsi, ameneyo ndi wakuba.

Nanga ife opanda kompyuta?

Ambiri a ife tilibe kompyuta ngakhale magetsi, koma ndime yathu pa dima limeneli ilipo, ndipo ndiyo yoyamba. Masamu onse aja amadalira zimene zalembedwa m'mabuku a kuchipatala. Zimene namwino walemba pa Matawale zimapita ku ofesi ya zaumoyo ya boma la Zomba, kuchokera kumeneko zimakafika ku Unduna wa Zaumoyo ku Lilongwe. Zolembedwazo zikakhala zolakwika, ngakhale makompyuta miliyoni adzapereka yankho lolakwika.

Mwana akatentha thupi, musangomugulira mankhwala pa golosale. Mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo akayezedwe magazi. Potero mwapulumutsa mwana wanu, ndiponso matenda ake awerengedwa. Nyamulani buku la kuchipatala nthawi zonse, ndipo musabwerekane ndi mnzanu. Nenani zoona za msinkhu wa mwana, mudzi wanu ndi mankhwala amene wamwa kale. Alangizi a zaumoyo akafika pakhomo kudzafunsa za masikito, musanene kuti mumagonamo pamene masikitowo mwatchingira dimba. Kumene katemera wa malungo akuperekedwa, mwana amayamba ali ndi miyezi 5 ndipo amabayidwa kanayi. Malizitsani, ndipo pitirizani kumugoneka m'masikito usiku uliwonse.

Mafunso oti mukambirane podikira dokotala

1. Kodi dima la makompyuta likufanana bwanji ndi dima la kumunda?
2. N'chifukwa chiyani kagawo kamodzi ka ntchito kamatumizidwa ku makompyuta awiri?
3. Mungamuzindikire bwanji munthu wofuna kukuberani pa foni?
4. Chimachitika n'chiyani ana awiri akamagwiritsa ntchito buku limodzi la kuchipatala?