Azakhali: Mboni Yaulula Itakhuta Kachasu

Azakhali,

Bambo atamwalira, bambo aang'ono anatulutsa wilo yonena kuti nyumba ya ku Ndirande ndi yawo. Tinakana, nkhani inapita kukhoti, tinaluza. Papita zaka ziwiri. Sabata yathayi mmodzi mwa mboni ziwiri zimene zinasaina wiloyo waulula pamowa kuti anasaina maliro ataikidwa kale, ndipo analandira mbuzi. Kodi khoti lingafafanize chigamulo chake?

Wodandaula, Blantyre

Mwana wa mchimwene wanga,

Zaka ziwiri uli phee, lero wadzutsidwa ndi chidakwa! Nyumba yonse ya ku Ndirande kupita ndi mbuzi imodzi? Mboniyo ngakhale malonda siiwadziwa.

Kumudzi timati mlandu suwola, koma khoti limafuna mlandu uzitha, apo ayi abale angazengane mpaka zidzukulu kumera imvi. Ukanangobwera ndi zoti chigamulo chinakuwawa, ndikanakupatsa mpango upukute misozi. Woona kuti jaji walakwitsa amachita apilo ku Supreme Court of Appeal, ndipo masiku ake ndi owerengeka. Iwe unawadya ukudandaulira anthu a m'minibasi. Kupempha nthawi yoonjezera kulipo, koma umafotokoza chimene unachedwera.

Mwayi wako uli pa chinyengo. Chigamulo chimene munthu anachipeza ponamiza khoti chingathe kufafanizidwa, ndipo chikalata chomupatsa mphamvu pa chuma cha masiye chingalandidwe. Zimathekanso pakatulukira wilo ina imene malemu analemba pambuyo pake, kapena ngati woyenera kuuzidwa za mlandu sanalandire samani. Lamulo la 2011 la Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act limafuna kuti mwini wake asaine wilo pamaso pa mboni ziwiri, nazonso zisaine iye akuona. Nanga bambo ako anaona bwanji ali kumanda?

Usavine msanga. Zolankhula pa kachasu zimauma ndi mmero. Mawa munthuyo akadzuka mutu ukuwawa adzati sakukudziwa, makamaka akamva kuti kunama utalumbira ndi mlandu wokagona nawo kundende. Pakufunika aulule ali bwinobwino, zilembedwe, alumbire. Funafuna mboni inzake ija. Tulutsa makalata akale a bambo ako, akatswiri afananize siginecha. Jaji adzafunsanso ngati umboniwu sukanaupeza pa mlandu woyamba, ndiye konzekera yankho lomveka, osati "ndinali pa chisoni".

Nyamula chigamulo ndi mapepala onse upite kwa loya. Ngati m'thumba mwauma, ku Legal Aid Bureau amathandiza osowa. Nkhani zoterezi zimamvedwa ku High Court, nthambi yoona za mabanja ndi chuma cha masiye. Umuuze loyayo apemphe chiletso msanga, chifukwa bambo aang'ono akamva mphekesera nyumbayo igulitsidwa mwezi usanathe, ndipo kuichotsa m'manja mwa wogula amene sanadziwe kanthu ndi nkhondo ina.

Pakadali pano ukakumana ndi bambo aang'onowo pa maliro, uwagwadire, uwapatse moni. Zotukwana pa gulu la WhatsApp la banja usiye kaye. Ndaziona zimene unalemba Lachitatu.

Ndine,
Azakhali ako