Kodi makolo athu analibe chitukuko?

Funso: Mwana wanga akamawerenga mbiri yakale amangotchula Egypt ndi Rome. Kodi kuno makolo athu analibe chawo? Mlimi wa fodya, Lifupa.

Yankho: Bambo, umboni muli nawo pakhomo. M'nkhalango ya Kasungu momwemo muli ng'anjo zakale zadothi, momwe amisiri ankasungunula miyala pamoto wa makala n'kutulutsa chitsulo chosulira makasu, nkhwangwa ndi mikondo. Khasu linali chuma, ankagulira zinthu.

Ufumu wa Maravi unali ndi likulu ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka. Kalonga, mfumu yaikulu ya ufumuwo, ankachokera kwa a Phiri, koma za mvula zinali m'manja mwa a Banda, monga Makewana wa ku Msinja. Katswiri wofukula zakale, Dr Yusuf Juwayeyi, atakumba ku Mankhamba anapeza mikanda yagalasi, mkuwa, minyanga ya njovu ndi zigoba za mbale za ku China. Mikanda ndi mbalezo zinkadzera m'madoko a Nyanja ya India, onga Kilwa, mzinda wa Asilamu womwe mlendo woyendayenda, Ibn Battuta, anafikako mu 1331.

Egypt anatiposa pa kulemba, izo n'zoona. Mwanayo apite naye mphunzitsi kukaona ng'anjozo, koma osayiwala mlonda wa paki, muli njovu.