Kusisita msana wa wokondedwa wathu pakhomo

Madzi okwana malita 20 amalemera makilogalamu 20, osawerengera chidebe chake. Mayi amene watunga katatu pa tsiku, walima chowerama m'mawa wonse, kenaka n'kubereka mwana mpaka dzuwa kulowa, akamati msana ukuwawa sakunama. Bambo wopalasa kabaza ndi agogo amene amaswera pamkeka nawonso amadandaula zomwezo. Kawirikawiri chimene chikuwawa si fupa ayi, koma minofu imene yakungika ndi ntchito. Minofu yotere imamasuka ikasisitidwa bwino, ndipo zofunika n'zochepa: manja awiri, timafuta pang'ono ndi mphindi 15. Komatu manja omwewo angathe kuvulaza ngati mwini wake sadziwa pogwira ndi posagwira.

Yambani mwaudziwa msanawo. Mukayendetsa chala pakati pa msana mumamva timafupa tondondozana kuchokera m'khosi kufika m'chiuno. M'kati mwake mumadutsa mtsempha waukulu umene umatenga mauthenga kuchoka kuubongo kupita kumanja ndi kumiyendo. Pamzere umenewu sitidinapo. Ntchito yathu ili pa minofu iwiri italiitali imene ili uku ndi uku kwa mafupawo, pamapewa ndi pamwamba pa chiuno. Palinso malo ena ofunika kuwasamala: kumunsi kwa nthiti, mbali zonse ziwiri, ndi kumene kuli impso. Pamenepo dzanja lizingodutsa mopepuka, osamenya ndi chibakera. M'mabanja ena muli chizolowezi chotuma mdzukulu kuti aponde agogo pamsana. Tichisiye. Mafupa a munthu wokalamba, makamaka mayi amene anasiya kusamba, amakhala osalimba, ndipo nthiti ikhoza kuthyoka ndi phazi la mwana.

Musanamugwire munthu, mufunseni ngati akufuna. Si aliyense amene amamasuka kuvula malaya pamaso pa wina, ndipo mwambo wathu uli ndi malire ake. Apongozi aamuna, mwachitsanzo, ndi bwino muwapezere mwana wawo wamwamuna, inu mumuuze zochita. Sankhani chipinda chopanda mphepo, yalani mphasa kapena matilesi olimbirapo, ndipo mufunditseni chitenje kuyambira m'chiuno kupita kumiyendo. Agone chafufumimba, kapilo kali pansi pa mimba kapena pansi pa akakolo. Amene sangathe kutero agone chammbali, kapena akhale pampando ataweramira patebulo. Inu wengani zikhadabo, vulani mphete, sambani m'manja.

Za mafuta musavutike n'kugula odula. Vaselini kapena mafuta ophikira amene sanaphikidwepo, theka la sipuni, ndi okwanira. Muwathire m'manja mwanu, osati pamsana pa munthuyo, ndipo mutikite zikhatho mpaka zifunde. Dzanja lozizira limadzidzimutsa, minofu n'kukungika kuposa poyamba.

Tsopano ikani zikhatho zonse ziwiri m'chiuno, china uku china uku kwa fupa la msana. Kwerani nazo pang'onopang'ono mpaka m'mapewa, patukirani kumbali, ndipo bwererani m'chiuno mopepuka. Mphamvu ikhale pokwera, pobwera dzanja lingotsetsereka. Bwerezani kasanu kapena kakhumi. Apa m'pamene ambiri timalakwitsa: timafulumira ngati tikuchapa zovala, maganizo ali pamphika umene uli pamoto. Phulani kaye mphikawo. Kusisita kofulumira kumangotenthetsa khungu, koma kodekha ndiko kumatsitsa mtima, kupuma n'kukhala kwakuya, mpaka ena tulo timawaba musanamalize.

Minofu ikafunda, pitani pamapewa, pamene katundu wosenza pamutu amasiya ululu wake. Gwirani mnofu wa pakati pa khosi ndi phewa ndi dzanja lonse, muufinye mofatsa n'kuusiya, monga muchitira pokanda ufa wa mandasi. Kenaka ndi zala zazikulu yendani mozungulizazunguliza m'mbali mwa fupa la msana kuchokera kumunsi. Mukapeza kamfundo kolimba, dinikizanipo mofatsa, muwerenge mpaka 10, n'kusiya. Muzifunsa kuti, “Apa bwanji, ndionjezere kapena ndichepetse?” Kuwawa kokoma kumene munthu amati “eya, pomwepo” n'kwabwino. Akakukuta mano kapena kugwira mpweya, mwapyoza muyeso. Potsiriza bwererani ku kusisita kwakutali kuja, dzanja likupepukirapepukira, mumufunditse, ndipo asadzuke mothamanga kuopa chizungulire.

Samalaninso msana wanu. Gwadani pafupi, mphamvu ichoke m'thupi lonse osati m'zala zokha. Ndipo bambo akunyumba aphunzitseni, chifukwa msana umene watunga madzi aja ndi wanu.

Kuthowa ndi kansalu konyika m'madzi ofunda, kumene amayi athu ankachita kalekale, kumathandizadi minofu yotopa, ndipo mukhoza kuyamba ndi kumeneko. Madziwo muwayese ndi chigongono chanu. Kwa wodwala shuga kapena amene anafa ziwalo chenjerani koposa, poti khungu lake mwina silimva kutentha, akhoza kupsa osadziwa. Pamalo pamene munthu wangovulala kumene ndipo patupa, musathowe kapena kusisita masiku awiri oyamba.

Pali ululu wina umene manja sangauthetse, ndipo kuusisita kumangochedwetsa munthu kupita kuchipatala. Msana ukamawawa pamodzi ndi kutentha thupi ndi kupweteka pokodza, mwina ndi impso. Ukawawa masabata angapo osasiya, ngakhale usiku munthu atagona, iye akuonda ndi kutuluka thukuta usiku, ikhoza kukhala TB ya mafupa a msana, imene ikalekereredwa imapinda msana ndi kupha miyendo. Mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma. Mayi amene akumva ululu m'chiuno ndiponso akutaya magazi pa nthawi yosayenera akayezetse khansa ya khomo la chiberekero. Miyendo ikachita dzanzi kapena kufooka, kapena munthu akayamba kulephera kugwira mkodzo ndi chimbudzi, apite tsiku lomwelo, asadikire kuche. Chimodzimodzi amene wagwa mumtengo kapena panjinga. Musasisitenso pa bala, pa chithupsa, pa chotupa chosadziwika kapena pa matuza a mashingozi.

Mayi woyembekezera mungathe kumusisita mopepuka atagona chammbali, pilo ali pakati pa mawondo. Koma ululu wa m'chiuno ukamabwera n'kusiya, n'kubweranso, mwina nthawi yake yakwana kapena mwana akufuna kubwera masiku asanakwane. Musataye nthawi ndi mafuta, funani thiransipoti.

Ambiri mwa ife timayendera odwala amene agona nthawi yaitali, ndipo kusisita msana kumawatonthoza kwambiri, makamaka madzulo mutawasambitsa. Kwa iwo dzanja likhale lopepuka zedi. Pamene mukudzoza mafuta, yang'anitsitsani pamene mafupa atulukira: pachiuno, pamapewa, m'mbali mwa ntchafu ndi kuzidendene. Mukaona khungu lafiira, lada kuposa pena, latentha kapena lalimba, ndiye kuti chilonda cha pogona chikuyamba. Kale anthu ankauzidwa kuti azitikita pamenepo, koma masiku ano achipatala amaletsa, chifukwa kutikita kumaphwanya mnofu umene wafooka kale. Chofunika n'kumutembenuza wodwalayo maola awiri aliwonse, kuonetsetsa kuti pogona ndi pouma ndiponso popanda makwinya, ndi kudziwitsa namwino kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu.

Pa msonkhano wotsatira wa bungwe, khalani awiriawiri, wina pampando wina kumbuyo kwake, muyeserere kukanda mapewa malaya ali m'thupi. Wokhala pampandoyo anene moona pamene dzanja lalemera, kenaka musinthane.