Ndalama za liwiro n'zayani?

FUNSO

Ndine mayi wa zaka 41, ndimagwira ntchito ya unamwino ku Leeds koma kwathu ndi ku Dedza. Kwa zaka zitatu ndakhala ndikulembetsa mayere a London Marathon osasankhidwa. Chaka chino bungwe lina lothandiza ana landipatsa malo, ndipo ndasaina pepala lolonjeza kuti ndilipezera mapaundi 2,500. Pakadali pano ndapeza theka. Nsapato zothamangira, sitima ndi malo ogona ku London zandidyera ndalama zambiri. Kodi ndingachotseko zimenezi pa ndalama zomwe anthu andipatsa pamanja? Chachiwiri, amalume anga kumudzi akuti ndi misala kuthamanga m'misewu ya eni pomwe denga la sukulu yakwathu linasasuka ndi mphepo, ndiye akuti nditumize gawo lina kumeneko. Kodi sakunena zoona? Nanga ndikalephera kukwanitsa ndalamazo, kapena ndikavulala, zidzatha bwanji?

Wowerenga wa ku Leeds

YANKHO

Mayi, mafunso anuwa akuoneka ngati atatu, koma onse aphukira pa tsinde limodzi: ndalama zomwe anthu akukupatsanizo n'zayani? Si zanu, si za amalume, ndiponso si malipiro a thukuta lanu. Zinasanduka za bungwe lija pa nthawi imene woperekayo anatambasula dzanja atamva dzina lake kuchokera pakamwa panu. Inu mwangosenzetsedwa. Ku Dedza konko mukudziwa mmene zimakhalira pamaliro. Wosonkhetsa chipepeso amayenda ndi kope, amalemba dzina la aliyense ndi zomwe wapereka, ndipo mwambo usanathe zonse zimawerengedwa pagulu. Palibe amene angamumvere atanena kuti watapako ya sopo poti wayenda mtunda wautali padzuwa. Akatero, pamaliro otsatira kopelo amapatsa wina.

Lamulo la ku England likunena zomwezo, koma ndi mawu owuma. Fraud Act ya 2006 imati munthu amene wanena zabodza mwadala kuti apeze phindu wapalamula mlandu wachinyengo, ndipo chilango chake chachikulu chimafika zaka 10 kundende. Sindikunena kuti apolisi adzagogoda pakhomo panu chifukwa cha nsapato. Ndikunena kuti mnzanu wa kuntchito amene anakupatsani mapaundi 20 anauzidwa kuti akuthandiza ana, ndipo mukagulira tikiti ya sitima ndiye kuti zomwe munamuuza zija zasanduka bodza. Malamulo a Fundraising Regulator, bungwe lomwe lakhala likuyang'anira kapemphedwe ka ndalama zachifundo kuyambira 2016, nawonso amatsindika kuti wopereka asanamizidwe za komwe ndalama yake ikupita. Njira yoyera ilipo, ndipo si yovuta. Ngati nsapato zakulemerani, pemphani nsapato. Uzani mchemwali wanu kapena mnzanu wa kutchalitchi kuti thandizo lake likhale lokugulirani nsapato kapena lokugonekani usiku umodzi ku London, iye n'kupereka akudziwa chomwe akuchita. Ndalama zapamanja zomwe mwalandira kale, lembani mayina ndi kuchuluka kwake, muzipereke zonse ku bungwelo, musunge lisiti.

Mwina muyankha kuti bungwelo nalonso limatapa pa ndalama zomwezo kulipirira malo anu, ndiye kusiyana kuli pati? Funso limeneli ndi lomveka. Mu 1993, okonza London Marathon anayambitsa dongosolo lotchedwa Golden Bond loti mabungwe achifundo azigula malo otsimikizika a othamanga, ndipo malo amodzi ogulidwa chotere amawadyera mapaundi mazana angapo. Onjezanipo malaya olembedwa dzina la bungwe, ogwira ntchito amene amakuimbirani foni, ndi chakudya cholandirira othamanga akamaliza. N'chifukwa chake anakusainitsani 2,500 osati 500: akufuna kuti pa zomwe alowetsa pabwere zochuluka kangapo. Kusiyana kwake n'kwakuti bungwe likuwononga ndalama zake, mwa chigamulo cha matrasti ake, ndipo zimalembedwa m'malipoti a zachuma omwe amapita ku Charity Commission, komwe aliyense angawaone pa intaneti. Inu mukatapa, mukutapa m'nkhokwe ya eni, mumdima, popanda wowerengera. Komabe pali chinthu chimodzi chomwe othamanga ambiri sanena, ndipo ine ndimaona kuti n'choyenera kunena: auzeni okuthandizani kuti malo anu ndi ogulidwa ndi bungwe. Amene ali nazo amabweza yekha mtengo wa malowo kuchokera m'thumba mwake, kuti tambala iliyonse ya anzake ipite kwa ana. Si lamulo, koma zimapepuza pakamwa popempha.

Tsopano za amalume, omwe mfundo yawo ndi yolemera kuposa mmene mukuiganizira. Iwo akuti bwanji osangopereka ndalamazo, m'malo mozunza mawondo makilomita 42.195? Vuto la mfundoyi n'lakuti ikuyesa kuti mapaundi 2,500 alipo kale penapake, akungodikira kuti muwalozere kolowera. Kulibe. Ali m'matumba mwa anthu makumi angapo amene sanadzuke ndi maganizo opereka, ndipo chimene chikuwatulutsa ndi liwiro lanulo. Pitani m'chipinda chopumira anamwino mukanene kuti aliyense asonkhe mapaundi 20 popanda chifukwa china, muone mmene maso agwere pansi. Mukanena kuti mwakhala mukudzuka 5 koloko m'mawa m'nyengo ya chisanu kwa miyezi inayi, anthu omwewo akufunsani okha kuti tsamba lanu la pa intaneti losonkhetsera ndalama lili pati. Akatswiri awiri a za maganizo, Christopher Olivola ndi Eldar Shafir, anasindikiza kafukufuku mu 2013 woonetsa zomwezi: anthu ankalonjeza ndalama zambiri pamene njira yosonkhetsera inali kuthamanga makilomita 8 kusiyana ndi pamene inali kukadya pamodzi panja. Munthu akaona mnzake akuvutikira chinthu, amakhulupirira kuti chinthucho n'chofunikadi. Mukhoza kunena kuti ndi kufooka kwa mtima wa munthu, ndipo mwina n'zoona, koma ziwerengero zake si zamasewera. Chiyambire 1981, pomwe Chris Brasher ndi John Disley anakhazikitsa mpikisanowu, othamanga anali atasonkhetsa ndalama zoposa mapaundi 1 biliyoni pofika 2019, ndipo mpikisano wa 2024 wokha unabweretsa mapaundi 73.5 miliyoni. Ndipotu amalume asadabwe kwambiri, chifukwa nzeruyi ndi yomwe ija ya ulendo wa ndawala womwe mipingo ndi masukulu kwathu amayenda pofuna kumanga tchalitchi kapena kugula mabedi a kuchipatala. Palibe amene amafunsa abusa kuti bwanji osangokhala pansi n'kupereka.

Pamene amalume agunda fupa ndi apa. Anthu oposa 1 miliyoni analembetsa mayere a mpikisano wa 2026, pomwe amene anamaliza wa 2025 anali 56,640. Malo ndi osowa, ndipo ambiri amalowera khomo la mabungwe achifundo chifukwa ndi lokhalo lotseguka. Kalata yanu ikuonetsa kuti nanunso munayamba kufuna liwiro, bungwe linabwera pambuyo. Palibe tchimo pamenepo, mwana amene wathandizidwa safunsa chomwe chinali mumtima mwa wothamanga. Koma zikutanthauza kuti funso lakuti ndalamazi zipite kuti munaliyankha mofulumira, ndipo amalume ali ndi ufulu wokukumbutsani. Nthawi yabwino ya funsoli inali musanasaine. Alipo mabungwe olembetsedwa ku Britain amene ntchito yawo ili ku Malawi, monga Mary's Meals, yomwe inayamba mu 2002 pophikira phala ana 200 a sukulu ku Malawi konko. Mukadzafuna kuthamanganso, fufuzani kaye ngati bungwe lotere lili ndi malo, kapena lowani mpikisano wina wosavuta kupeza malo, mulipire nokha, musonkhetsere chomwe chili pamtima panu. Chomwe simungachite n'kusintha kolowera ndalama zili kale m'manja. Kupatutsira ku denga la sukulu ndalama zoperekedwa m'dzina la bungwe lina n'chimodzimodzi kugulira nsapato, ngakhale cholinga chili chokoma. Woperekayo sanafunsidwe.

Denga lija likufuna kope lakelake. Yambitsani msonkhamsonkha wina, wonena poyera kuti ndi wa sukulu yakuti, ndalama zikupita ku komiti ya sukuluyo, ndipo pali anthu awiri osainira. Kumeneko n'komwe abale a ku Malawi ofuna kukuchemererani angaponye zawo kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Kukoka makwacha kuti asanduke mapaundi, pomwe ndalama zakunja zikusowa m'mabanki ndipo kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, n'kutunga madzi pachitsime chouma kukathira m'nyanja. Dziwaninso kuti msonkhamsonkha woterewu ulibe bungwe lolembetsedwa kumbuyo kwake, choncho chikhulupiriro chonse chagona pa dzina lanu, ndipo zithunzi za malata ndi malisiti a kuhadiweya muyenera kuzionetsa kwa onse amene anasonkha.

Kunena zoona kumathandizanso kupeza theka latsalalo, pa chifukwa chokhudza msonkho. Pa dongosolo la Gift Aid, bungwe limatenga ku boma mapeni 25 pa paundi iliyonse yoperekedwa ndi munthu amene amalipira msonkho wokwanira ku Britain, kotero mapaundi 20 a mnzanu uja amakhala 25. Koma zimatheka pokhapokha iye mwini atapereka m'dzina lake n'kuvomereza. Mukasonkhanitsa ndalama za anthu khumi n'kuziika pa tsamba ngati zanu, musachonge kabokosi ka Gift Aid, chifukwa mukhala mukunamiza a msonkho. Wachibale wa ku Lilongwe kapena ku Johannesburg amene salipira msonkho ku Britain asachongenso. Ndalama zogulitsa mandasi kapena matikiti a mayere sizilowa mu Gift Aid, poti wogula walandirapo kanthu. Choncho alimbikitseni anthu kupereka okha pa tsamba lanu, kaya ndi la JustGiving kaya la Enthuse, pomwe ndalama zimapita ku bungwe osadutsa m'thumba mwanu. Funsaninso ngati Gift Aid ikuwerengedwa pa 2,500 ija, chifukwa mabungwe ambiri saiwerengera. Ndipo samalani ndi amene akuyamba kuoneka pa tsambalo. Sarah Smith wa ku yunivesite ya Bristol ndi anzake awiri anasanthula zopereka za pa intaneti za London Marathon ya 2010, ndipo anapeza kuti anthu amayang'ana zomwe anzawo apereka: zopereka zam'mbuyo zikakwera ndi mapaundi 10, wotsatira amawonjezera pafupifupi mapaundi 2.50. Amene anakhalapo pa pelekanipelekani wa ukwati sangadabwe nazo. Musanatumizenso uthenga ku gulu lonse la WhatsApp, pemphani kaye awiri atatu a manja otambasuka kuti atsogole.

Za kulephera, yambani ndi kuwerenganso pepala munasaina lija, chifukwa mapangano amasiyana. Mabungwe ambiri amaika masiku oti pofika tsiku lakuti mukhale mutapeza gawo lakuti, ndipo ena amalemba kuti akhoza kupereka malo anu kwa wina mukatsalira kwambiri. Ambiri amaperekanso milungu ingapo mpikisano utatha kuti mumalize, ndipo nthawi imeneyo si yochepa mphamvu, chifukwa chithunzi cha munthu wotopa atavala mendulo chimatsegula matumba omwe anali otseka. Cholakwika chachikulu n'kukhala chete. Aimbireni lero, muwauze kuti muli pa theka, muwafunse masiku awo ndi thandizo lomwe amapereka kwa otsalira. Mukavulala, musakakamire. Ndinu namwino, mukudziwa bwino kuposa ine zomwe zimachitika munthu akathamanga ndi malungo m'thupi kapena ndi fupa losweka pang'ono. Malowo ndi a bungwe, choncho ndi iwo amene anganene ngati angakusungireni chaka chamawa. Ndalama zoperekedwa kale kawirikawiri sizibwezedwa, poti zinapita kwa ana osati kwa miyendo yanu, koma lembani pa tsamba lanu tsiku lomwelo kuti simuthamanga ndi chifukwa chake. Ngati alipo amene analonjeza kupereka pokhapokha mutamaliza, kapena analonjeza paundi pa kilomita iliyonse, amenewo ndi omasuka. Afunseni mmodzimmodzi ngati akufunabe kupereka, ndipo amene wakana musamulembe m'kope.