Gerry Douglas ndi Makina Osunga Mbiri ya Odwala

Ana inu a ku George, ambiri a inu munapitako ku kiliniki pamodzi ndi amai anu. Musanaonane ndi namwino kapena dokotala, muyamba mwaima pa mzere kuti kalaliki alembe dzina lanu ndi kufuna khadi lanu. Kapena muyesa kuti kulembako n'kutaya nthawi cabe. Si tero iai. Dokotala aona anthu ambiri tsiku liri lonse, ndipo sangathe kukumbukira nthenda imene munadwala caka catha, kapena mankhwala amene anakupatsani. Mapepala ndiwo akumbukira m'malo mwace. Mapepalawo akataika, dokotala akhala ngati mlendo, ndipo angathe kupatsa wodwala mankhwala osayanjana ndi thupi lace.

Lero tiphunzira za munthu wina amene anagwira nchito zaka zambiri pofuna kuthetsa bvuto limeneli. Nchito yace anaigwira ku Malawi, kwa anansi athu. Mukatsata mseu waukuru wa kum'mawa kufikira ku Chipata, ndi kuoloka malire pa Mwami, mudzafika ku Mchinji, ndipo patsogolo pace pali mzinda wa Lilongwe. Kumeneko ndiko kunayambira nkhani yathu.

Kudza kwace ku Malawi

Dzina la munthuyo ndi Gerry Douglas. Iye anaphunzira za makompyuta ku Canada, ndipo m'caka ca 1996 anadza ku Malawi, wotumidwa ndi bungwe la VSO, limene litumiza anthu odzipereka kukathandiza m'maiko ena. Anampatsa nchito mu Unduna wa Zaumoyo, kuti athandize Boma pa za makompyuta.

Pokhala m'nchitoyo anaona m'mene mbiri ya odwala inali kuyendera. Anamwino anali owerengeka, odwala anali ocuruka, ndipo zonse zinalembedwa pamanja m'mabuku akuru. Pofuna kudziwa kuti ana angati anadwala malungo mwezi wakuti, munthu anayenera kutsegula mabuku ndi kuwerenga mzere ndi mzere. Ciwerengeroco pofika ku likuru cinali cakale, ndipo mwina cinali colakwa. Boma losadziwa ciwerengero ca odwala silingadziwenso mankhwala oyenera kugula.

Atacoka m'nchito ya Boma, Bambo Douglas anapita ku Pittsburgh, ku America, kukaonjezera maphunziro. Koma sanaiwale zimene anaona. M'caka ca 2000, iye ndi mkazi wace, Dokotala Thuy Bui, anayambitsa bungwe lao nalicha Baobab Health. Baobab ndiwo mtengo umene ife titi mlambe.

Makina oyenera malo ace

Anthu ena akadangogula makompyuta okwera mtengo ndi kuwaika m'zipatala. Bambo Douglas anayamba wayang'ana mabvuto a pamalopo, ndipo tiyenera kusamalira bwino mabvuto anai amene anapeza ndi m'mene anawathetsera.

Loyamba linali la ndarama. M'zaka zimenezo ku America kunali timakompyuta tating'ono ta dzina lakuti I-Opener, timene tinagulitsidwa madola 99, kuti anthu aziwerengera intaneti m'nyumba zao. Malonda ace sanapite patali, ndipo eni ace analeka kutipanga. A bungwe la Baobab anagula timakinato pa mtengo wocepa, natikonza kuti tigwire nchito ya m'cipatala. Cimene ena anataya cinasanduka cida.

Laciwiri linali lakuti anchito ambiri a m'cipatala anali asanagwirepo kompyuta. Cifukwa cace anaika galasi longokhudza ndi cala. Makina afunsa funso limodzi ndi zilembo zazikuru, namwino akhudza yankho, ndipo pabwera funso lina. Motero munthu anatha kuphunzira msanga, ndipo analemba mbiri nthawi yomweyo wodwala ali pamaso pace.

Lacitatu linali la magetsi. Inunso mudziwa kuti magetsi azima nthawi zina, koma odwala saleka kudza. Timakinato tinali tosadya magetsi ambiri, ndipo anatilumikiza ku mabatire akuru, kotero kuti magetsi akazima nchito sinaime.

Lacinai linali la maina. Taganizani kuti ku George kuno kuli a Phiri angati, ndi a Banda angati. Ku Lilongwe ncimodzimodzi. Nanga kalaliki angadziwe bwanji kuti Phiri uyu si Phiri uja? Odwala ku Malawi asunga okha kabuku kao ka kucipatala. Tsono makina anapatsa munthu ali yense nambala yaceyace, nasindikiza kapepala ka timizere takuda kokamata pa kabukuko. Wodwala akadzanso, kamakina kena kawerenga timizereto, monga acitira pa katundu m'masitolo akuru a m'tauni, ndipo mbiri yace ioneka pomwepo.

Makina oyamba anaikidwa m'caka ca 2001 m'cigawo ca ana pa cipatala cacikuru ca ku Lilongwe, cimene lero cidziwika ndi dzina lakuti Kamuzu Central Hospital.

Nchito ikula

M'caka ca 2004 Boma la Malawi linayamba kupereka mankhwala a ARV mwaulere kwa anthu okhala ndi kacirombo ka HIV. Mankhwala amenewa ayenera kumwedwa tsiku liri lonse, moyo wonse, ndipo munthu akaleka, kacirombo kapezanso mphamvu. Cifukwa cace cipatala ciyenera kudziwa amene anadza kudzatenga mankhwala, ndi amene sanadze pa tsiku lace. Pamene odwala a pa cipatala cimodzi anafika zikwi zambiri, mapepala analemera koposa. M'caka ca 2006 makina a Baobab anayamba kuthandiza nchito imeneyi pa cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo pambuyo pace anafika ku zipatala zina zambiri.

Akuru anati, “Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.” Koma mlendo sakhalitsa, ndipo kalumo kakabuntha pafunika wokanola. Bambo Douglas anadziwa ici, ndipo bungwe linalemba nchito anyamata ndi asungwana a ku Malawi komweko. Iwo ndiwo analemba malamulo oyendetsa makina, nayala nthambo, nakonza zoonongeka. Mmodzi wa iwo, Soyapi Mumba, anakafotokoza za nchitoyi pa msonkhano waukuru wa TED ku Arusha, m'dziko la Tanzania, m'caka ca 2017.

Bambo Douglas sanalekere pomwepo. Pamene nthenda ya COVID-19 inafika ku Malawi m'caka ca 2020, odwala ambiri anasowa mpweya wa okosijeni. M'zipatala munali makina opatula mpweya umenewu ku mpweya wamba umene tipuma, koma ambiri anali akufa. Iye ndi anzace anayamba nchito ya OpenO2, yoyenda m'zipatala za ku Malawi kukakonza makinawo. Nzeru inali yomwe ija: usataye cinthu cimene ungathe kukonza.

Kwathu kuno

M'dziko lathu la Zambia, Unduna wa Zaumoyo, mothandizidwa ndi bungwe la CDC la ku America, unayambitsa makonzedwe ace a SmartCare m'zaka zomwezo. Odwala anapatsidwa khadi losunga mbiri yao, kuti munthu wocokera ku Petauke akadwalira ku Lusaka, dokotala adziwe mankhwala amene anali kumwa. Khadi kapena kabuku ka kucipatala kakakhala m'nyumba mwanu, kasungeni pouma, posafika makoswe, ndipo musabwereke ka mnzanu.

Makina otere afuna anthu odziwa kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera molongosoka. Koposa izi afuna anthu odziwa kuyang'ana. Bambo Douglas sanapange makina oposa onse pa dziko lapansi, koma anapanga makina oyenera namwino wotopa, m'cipinda ca odwala ambiri, pa tsiku lozima magetsi. Wina wa inu amene akhala m'kalasi muno angathe kudzacita zotere kuno ku George, pakuti mabvuto a kuno muwadziwa kale kupambana mlendo ali yense.

Mafunso

1. Cifukwa ninji cipatala cisunga mbiri ya wodwala?
2. Bambo Douglas anadza liti ku Malawi, ndipo anagwira nchito kuti?
3. Chulani mabvuto anai amene anapeza, ndi m'mene anathetsera liri lonse.
4. Kodi mwambi wa mlendo ndi kalumo utiphunzitsa ciani m'nkhani iyi?
5. Lembani mizere isanu za bvuto limodzi la kwanu, ndi m'mene inu mungalithetsere.