Pumbwa ndi Mleme: Mafunso ndi Mayankho

Pumbwa amauluka, mleme umauluka. Kodi zonsezi si mbalame?

Ayi. Pumbwa ndiye mbalame: ali ndi nthenga, alibe mano, ndipo amaikira mazira awiri kapena atatu m'kachisa kake. Mleme uli ndi ubweya ndi mano, umabereka mwana, kawirikawiri mmodzi, n'kumamuyamwitsa. Tikatsata chibale, mleme wayandikana ndi mbuzi kuposa ndi pumbwa yemwe umalimbirana naye magwafa.

Nanga mapiko aja?

Phiko la mleme ndi dzanja. Zala zake n'zazitali, ndipo pakati pa zalazo pali kachikopa kopyapyala kofika mpaka kumiyendo.

Akatswiri amaziika m'magulu ati?

Pumbwa ali m'gulu la Aves, m'chigawo cha Passeriformes, momwe muli mitundu yoposa theka la mbalame zonse. Mleme uli m'gulu la Mammalia, m'chigawo cha Chiroptera, cha mitundu yoposa 1,400. Nkhaniyi si yalero: Carl Linnaeus wa ku Sweden anaika mileme pakati pa nyama zoyamwitsa mu 1758.

Kuno ku Ntcheu zimakhala kuti?

Pumbwa sasankha. Mum'peza paboma, m'madimba a ku Tsangano, ngakhale m'mphepete mwa nkhalango za Dzonzi ndi Mvai, bola pakhale zitsamba ndi zipatso. Mleme ndiye wovuta, chifukwa umafuna pobisala masana onse: m'mapanga, m'mphako za mitengo ikuluikulu, kapena kudenga la sukulu ndi tchalitchi, kumene fungo la zitosi zake limakwiyitsa anthu. Mileme ikuluikulu yodya zipatso imalendewera m'mitengo ya masamba ambiri. N'chifukwa chake wootcha makala akagwetsa mtengo wakale wamphako, pumbwa amangosamukira pachitsamba china, koma mleme umasowa pogona.

M'chigwa cha Bwanje, maluwa a mlambe amatseguka kukamada, ndipo mileme yobwera kudzamwa timadzi take imanyamula mungu. Wodya malambe asamanyoze mleme.

Kodi mileme imasamuka?

Ina imatero. Chaka chilichonse, kuyambira Okutobala mpaka Disembala, mileme yodya zipatso mamiliyoni ambiri imasonkhana ku Kasanka m'dziko la Zambia.

Akuti mleme suona. N'zoona?

Bodza. Umaona ndithu. Mileme ing'onoing'ono yodya tizilombo imatulutsanso timawu tomwe khutu la munthu silimva, n'kumamvetsera kubwerera kwake kuti idziwe pomwe pali gulugufe kapena khoma. Mukaupeza uli pansi musaugwire ndi manja, chifukwa ina imakhala ndi kachilombo ka chiwewe.