Agogo analeredwa ndi anthu ena: tifufuze bwanji makolo awo?

Amayi anzathu, ambiri mwa ife kuno ku Nkhorongo ndife obwera. Mzuzu ndi mzinda wa dzulodzuloli, unayamba ndi esiteti ya mitengo ya tung m'zaka za m'ma 1940. Mwana akafunsa kuti kwathu kwenikweni n'kuti, timaloza ku Likoma, ku Chizumulu kapena ku Nkhotakota. Koma mmodzi wa ife anasowa chonena tsiku limene a kuchimuna anabwera kudzafunsira mwana wake, nafunsa za mtundu poopa kukwatirana pachibale. Agogo ake aakazi anali amasiye, ndipo palibe amene ankadziwa owabereka.

Amasiye otere analipo ambiri. Mlozi atagonjetsedwa ku Karonga mu Disembala 1895, pakati pa akapolo omasulidwa panali ana opanda owadziwa. Chimfine cha 1918 ndi 1919 chinasiyanso ena. Ngakhale Augustine Ambali, wansembe amene anatumikira zaka zambiri ku Msumba, anagwidwa ukapolo akadali mnyamata ndipo anakaphunzira ku Kiungani, ku Zanzibar, kutali ndi kwawo.

Choyamba tidziwe kuti dzina limasocheretsa. Mwana wamasiye ankatenga mfunda wa amene anamulera, ndipo pobatizidwa ankalandira dzina lina latsopano. Tikatsatira mfunda wokha tidzafika pakhomo pa olera, osati pa obereka.

Chimene sichinama kawirikawiri ndi mwambo. Tifunse akuluakulu za ukwati wa agogowo: nkhoswe anali ndani? Kumene amalowola, chuma analandira ndani? Anthu akale ankaopa kudya chuma cha mwana wa eni ake abale akadalipo, choncho ngati panabwera munthu wachilendo kudzalandira, kapena gawo linatumizidwa kwina, m'menemo ndimo muli magazi. Tifunsenso za maliro awo: uthenga unapita kumidzi iti, ndipo ndani anabwera amene anthu sankamudziwa? Dzina la paubwana, mphini za pankhope, ngakhale mawu achilendo amene agogo ankatulutsa akakwiya, zonsezi ndi mapazi. Ndipo tisapite ndi mafunso ngati apolisi. Azakhali okalamba amamasuka tikukonola nawo chimanga, osati titagwira cholembera.

Tikatero tipite ku mabuku. Kuboma sitipezako zambiri, pakuti kulembetsa mwana aliyense wobadwa kunakhala kokakamiza mu 2015. Mabuku a ubatizo ndiwo akale: amishoni a UMCA anakhazikika ku Likoma mu 1885 ndi ku Nkhotakota mu 1894. Tipemphe abambo wansembe wa parishi imene agogo anabatizidwira atiwerengere. Malo a makolo akapezeka opanda kanthu tisataye mtima. Tione mudzi umene unalembedwa, mboni za ubatizo, ndi ana ena obatizidwa tsiku lomwelo, chifukwa amasiye apachibale nthawi zina ankabatizidwa pamodzi ngakhale akuleredwa m'nyumba zosiyana. Kalembedwe ka maina kasatipusitse: l ndi r ankasinthanasinthana. Tikumbukenso kuti midzi ya kutsidya kwa nyanja ku Mozambique, monga Msumba ndi Kobwe, inali mu dayosizi imodzi ndi Likoma. Zolembedwa zina zakale za mishoni ndi za boma zimasungidwa ku National Archives ku Zomba.

Chilichonse chimene tamva tilembe m'kope, pamodzi ndi amene watiuza ndi tsiku lake. M'kope lomwelo tilembemo maina ndi midzi ya makolo a ana amasiye amene tikulera lero.

Mnzathu uja anafunsa azakhali awiri. Wina anati kunalibe mlendo pa maliro, wina anakumbukira nkhalamba imene inabwera pa bwato kuchokera kutsidya. M'buku la ubatizo munalibe dzina la bambo kapena la mayi, koma mboni inali mayi wa mudzi wa kutsidya komweko. Ukwati wa mwana wake unachitika, ndipo iye akusonkhanitsa ndalama yowolokera nyanja mvula ikatha.